Andipeza ndi matenda a Marfan chinkhoswe chili pafupi

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimakhala ku Lilongwe ndipo ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale. Kuyambira ndili mwana anthu akhala akundiseka chifukwa cha msinkhu wanga, zala zazitali ndi magalasi okhuthala amene ndinayamba kuvala ndili Sitandade 4, ngakhale kuti msinkhu womwewo ndi umene unandipezera malo m'timu ya mpira wa ntchemberembaye.

Miyezi iwiri yapitayo dokotala wa maso anaona kuti kagalasi ka m'kati mwa diso langa lakumanja kasuntha pamalo pake. Anandiuza kuti ndizungulize chala chachikulu ndi chaching'ono pamkono winawo, paja timavala wotchi, ndipo zalazo zitapitirirana ananditumiza kukaunikidwa mtima. Kumeneko ndi kumene anandiuza kuti ndili ndi matenda a Marfan.

Momwe ndinamvera, m'thupi muli timaulusi tosaoneka ndi maso timene timalimbitsa mafupa, maso ndi mitsempha ya magazi, ndipo kwa ine timaulusito n'tofooka chifukwa cha vuto la jini yotchedwa FBN1 (jini ndi kachinthu ka m'thupi kamene timatengera kwa makolo). Matendawa anatenga dzina la Antoine Marfan, dokotala wa ana wa ku France amene anawafotokoza m'chaka cha 1896, ndipo amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 5,000 alionse. Choopsa kwambiri ndi mtsempha waukulu wochokera kumtima wotchedwa aorta, umene umafufuma pang'onopang'ono mpaka kung'ambika. Wanga wafika masentimita 4.2, choncho ndikumwa atenolol tsiku lililonse, ndiziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo ukadzayandikira masentimita 5 padzafunika opaleshoni. Mpira ndinasiya ndikung'ung'udza, koma nditawerenga za Flo Hyman, katswiri wa volleyball wa ku America amene anagwa n'kumwalira masewero ali m'kati ku Japan m'chaka cha 1986 chifukwa cha matenda omwewa, ndinasiya kutsutsa.

Chimene chikundisowetsa tulo si mankhwalawa ayi. Bambo anga, amene analinso aatali ngati ine, anagwa kumunda ali ndi zaka 41 atangodandaula kuti pachifuwa pakuwapweteka, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala. Pamaliro abale analoza chala bambo anga aang'ono kuti anawalodza chifukwa cha mkangano wa munda, mpaka munthuyo anasamuka pamudzi ndipo sitinalankhulanenso nawo kufikira lero. Dokotala atamva nkhaniyi anati n'kutheka kuti unali mtsempha womwewu, popeza anthu atatu mwa anayi odwala matendawa amachita kutengera kwa kholo. Anandipempha kuti abale onse a kwa bambo anga akayezedwe, ndipo ine ndikudziwa kuti ana awiri a bambo aang'onowo ndi aatali ndiponso oonda ngati ine. Ndikafika bwanji pakhomo pa munthu amene tinamunamizira ufiti, n'kukamuuza kuti apite ndi ana ake kuchipatala?

Nkhani ina ndi ya banja. Chinkhoswe changa chili mwezi wamawa, ndipo bwenzi langa silikudziwa kanthu kupatula kuti ndinasintha magalasi. Madokotala anandichenjeza kuti pathupi pamachititsa mtima kugwira ntchito yaikulu, kotero kuti mtsempha uja ungathe kung'ambika ndili woyembekezera kapena nditangochira, ndiponso kuti mwana aliyense amene ndingabereke angatengere kapena osatengera, theka ndi theka. Amayi anga akuti ndikhale chete mpaka ukwati utachitika, chifukwa akuchimuna akangomva za matenda a kumtundu adzamuuza mwana wawo kuti akafune wina. Sindikuwaweruza, poti analera okha ana anayi, koma mtima wanga sukulola kuti ndilowe m'banja nditabisa nkhani yokhudza moyo wa ana amene bwenzi langalo likuyembekezera kudzakhala nawo.

Chonde Azakhali, ndithandizeni nzeru. Kodi ndimuuze ndekha tili awiri, kapena ndipite naye kwa dokotala kuti akamve kuchokera kwa wodziwa? Kodi ankhoswe ayenera kudziwa tsiku la chinkhoswe lisanafike? Nanga kwa bambo aang'ono aja ndiyambe ndi kupepesa m'malo mwa banja lonse, kapena ndidzere kwa akuluakulu amene anawathamangitsa?

Ine wothedwa nzeru,
Mphunzitsi wa ku Lilongwe