Anandipulumutsa ndili watsopano, pano akufuna ndisainenso bodza

Anti,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimagwira ntchito ya utelala, yolandira ndi kupereka ndalama pa kaunta, pa banki ina mu Cairo Road, dzina lake sinditchula. Papita masiku atatu tulo sitikubwera nde ndati ndikulembereni mwina mundithandize nzeru.

Ndinayamba ntchito mu 2025 nthawi imene Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano zija za K200 ndi K500, makasitomala akubwera ndi zakale ndi zatsopano zosakaniza, mutu kuzungulira. Mwezi woyamba womwewo pa manthendi, mzere wa aziphunzitsi ndi manesi utafika mpaka pakhomo, madzulo powerengera ndinapezeka ndi shoti ya K1,500. Ndinangokhala pampando manja ali njenjenje. Anzanga ananyamula zikwama kuthamangira mabasi ku Kulima Tower koma amayi ena a pa kaunta yoyandikana ndi yanga, ndimawatchula kuti asisi, anavula nsapato zawo nkukoka mpando, tinayamba kuona masilipi limodzi limodzi mpaka cha m'ma 19, nkupeza kuti dipoziti ina ndinailowetsa kawiri mu kompyuta. Tsiku limenelo anandilipiriranso takisi mpaka ku Kabwata. Munthu wotere mungamuiwale bwanji Anti?

Ku buranchi kwathu telala akamaliza kuwerenga ndalama za mu dirowa yake pamafunika wina awerengenso nkusaina kuti zakwana. Mwezi watha asisi anandikokera ku kitchini akulira, akuti anatenga kaloba ya K4,000 kulipirira mwana ku yunivesite ya UNZA, mwini ndalama akufuna K6,000 ndipo waopseza kuti abwera kudzakuwa pa banki pomwe. Anandiuza kuti atengako K3,000 mu dirowa ndipo abweza Lolemba ikatuluka chilimba. Anti, ndinasaina. Ndinagwira mabandulo aja ngati ndikuwerenga, kamera ili pamwamba pathu, nkulemba dzina langa pa pepala ndikudziwa kuti ndi bodza. Lolemba anabwezadi, ndinapuma, ndinati zatha.

Lachitatu lapitali abweranso, ulendo uno ndi K7,000, akuti "mwana wanga ndi komaliza, ukudziwa sindingakugwetse m'mavuto". Ndinawauza kuti ndili ndi K2,000 yanga yomwe ndimasungira lendi atenge imeneyo, anangoti siikwana nkutembenuka. Chiyambireni sakundiyankhula bwino, lanchi yomwe timadyera limodzi akudyera m'galimoto ya mnzawo.

Chimene chikundipweteka nchoti sindikuwaona ngati wakuba, ndi mayi amene wapanikizika, koma ndalama zimene akutengazo ndi za ogulitsa tomato ku Soweto Market amene amabwera ndi ma K20 okwinyika atamanga pa chitenje, ine nkuwadindira silipi. Komanso a oditi, ofufuza ngati ndalama zili bwino, sanena tsiku lobwera, amangotulukira m'mawa nkuti tsegulani dirowa. Akapeza shoti siginecha yovomereza kuti zakwana ikhala yanga, ndipo mu ntchito ya banki ukachotsedwa pa nkhani ya ndalama mbiri imakutsatira kulikonse. Ine ndi amene ndimatumiza ndalama ya feteleza kwa amayi ku Katete ndipo mng'ono wanga ali giredi 12.

Ndamva kuti kuli lamulo la 2010 loteteza anthu oulula zachinyengo pa ntchito, ndaganizanso zokaonana ndi oimira ZUFIAW, yuniyoni ya ogwira ntchito m'mabanki, pa buranchi pathu, koma ndikaulula ndiye kuti ndadziululanso ndekha za ulendo woyamba uja, ndipo asisi ntchito ithera pomwepo mwana ali pakati pa sukulu. Kusainanso ayi sindisaina, pamenepo mtima ndamanga. Koma ndingokana nkukhala chete, nanga akapeza wina wowasainira ine ndikudziwa? Kapena ndipite kwa a manejala ndikanene zonse ndi zanga zomwe? Ndipo asisiwo ndiwauze mawu otani kuti asaone ngati ndaiwala usiku wa masilipi uja? Sabata ya mawa pa rota ndine ndemwe wowawerengera.

Ine wosowa mtendere,
Kabwata, Lusaka