Lipoti la msonkhano wa za mbalame uja munandituma

A tcheya ndi nonse oweta nkhunda pagulu pano, ndabwerako bwino. Pepani lipoti lachedwa, foni inalibe moto. Malisiti a transipoti ali kwa asungichuma.

Funso lanu lija ndinalifunsa, loti bwanji nkhunda ina imabwera kuchokera kutali koma ina n'kusochera khola likuoneka. Aphunzitsi omwe amafotokozawo anati mmutu mwa mbalame muli kampasi komanso mapu, ndipo zimagwira ntchito payokhapayokha.

Kampasi yake ndi dzuwa. Ku Germany a Klaus Schmidt-Koenig ankatsekera nkhunda mchipinda n'kumaziyatsira magetsi mosemphana ndi kunja ndi maola 6, pozimasula zimakhota madigiri pafupifupi 90 chifukwa wotchi ya mthupi yasokonekera ndiye dzuwalo zikuliwerenga molakwika. Za maginito a dziko anakambaponso koma anathamanga nazo.

Ku mbali ya mapu anakamba za fungo, ndinayamba ndaseka. Akuti ku Pisa ku Italy, m'ma 1970, a Floriano Papi anadula mitsempha ya fungo ya nkhunda n'kukazitaya (kukazimasula) kumalo achilendo, zambiri sizinadziwe kolowera. Kuteroko mphuno ija timangoiyang'ana pogula ili ndi ntchito.

Koma pomwe ndinatchera khutu kwambiri ndi pa kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus. A Verner Bingman ndi anzawo anaononga kachigawoka pa nkhunda zina, ndiye taonani, pozimasula kutali zimalunjika ndithu mbali ya kwawo bwinobwino, koma zikayandikira zimangozungulirazungulira kapena kusowa kumene, poti kachigawoka ndi kamene kamasunga kuti mtengo wa mango uli apa, denga la malata lili apo, khola lili kuseri kwake. Ndinakumbukira yoyera yanga ija inatha masiku awiri padenga la tchalitchi titangosamutsa khola. Ku Oxford mu 2004 anamangirira nkhunda timakina ta GPS n'kupeza kuti zozolowera njira zimatsata msewu, mpaka kukhotera pamphambano ngati minibasi.

Chinanso, mu 1958 a Perdeck analengeza zomwe anapeza atanyamula mbalame zotchedwa starling, zomwe zimasamuka nyengo ikasintha, zoposa 11,000 ku Netherlands n'kukazimasula ku Switzerland. Zikuluzikulu zinakonza njira kulowera komwe zimapita chaka ndi chaka, zazing'ono zinangolunjika mbali yomwe zinabadwa nayo mpaka zina kukapezeka ku Spain.

Ndiye ine maganizo anga, maunda akangoyamba kuuluka tisamawathamangitsire kutali pofuna kudzionetsa, aziyamba azungulira pakhomo masabata angapo kenako n'kumawataya pafupi mbali zosiyanasiyana. Achimwene aja mukufuna kusamutsa khola mwezi uno, muzitsekere kaye masiku angapo penapake poti ziziona kunja. Zotsalazo ndifotokoza Loweruka, ndibwera ndi kope lomwe ndimalembamo.