Dandaulo kwa eni sitolo ya zipangizo zowedzera pa nkhani ya reel imene munandigulitsa

Bambo manijala ndi onse ogwira ntchito musitolo yanu, ndalemba pa tsamba lanu la Facebook chifukwa ndabwera kumeneko kawiri, ndatumizanso ma imelo atatu, koma yankho lokhalo limene ndalandira ndi lakuti reel, chipangizo chokulungira chingwe pa ndodo yowedzera, ndinaiwononga ndekha poigwiritsa ntchito molakwika. Ndikufuna kufotokoza momwe zinayendera, kuti inuyo ndi ena owedza nsomba za bass muone ngati mlanduwu ulidi wanga.

Loweruka loyamba la mwezi wa September ndinalowa musitolo yanu ku Pretoria nditanyamula ndodo yanga yowedzera komanso nyambo imene ndinkafuna kumaponya. Nyamboyo inali swimbait (nyambo yopanga yooneka ngati nsomba) yolimba ya mfundo imodzi pakati, imene timaitcha glide bait, yotalika masentimita 18 ndipo yolemera magalamu 85. Ndinaiika pa kauntala, wogulitsa wanu anainyamula, anaitembenuza, mpaka anayamikira mtundu wake. Ndinamuuza kuti ndimamanga chingwe cha fluorocarbon chopirira kulemera kwa mapaundi 20, kuti ndimawedza ku damu la Rust de Winter, ndiponso kuti dzanja langa lamanja limatopa msanga, choncho ndikufuna reel ya mtundu wa baitcaster yopepuka koma yokhoza kupirira nyambo imeneyo tsiku lonse. Pa zonse zimene ndinanena, zikuoneka kuti iye anamva mawu amodzi okha akuti yopepuka. Ananditulutsira reel yaing'ono ya saizi 100, yolemera magalamu 160, ya magiya a 8.1:1, nanena kuti imeneyo imaponya chilichonse. Ndinamufunsa kawiri ngati spool yake, pamene pamakulungidwa chingwe, ingakwane chingwe chokhuthala chotero, ndipo kawiri konse anati ndisadandaule. Ndinalipira R3,400 ndipo lisiti ndikadali nalo.

Vuto loyamba ndinaliona madzulo omwewo ndikukulunga chingwe. Pa bokosi palembedwa kuti spool imatenga mamita 100 a chingwe cha mapaundi 12. Chingwe changa nchokhuthala pafupifupi mamilimita 0.40, ndipo spool inadzaza ndisanafike ndi pa mamita 55 pomwe. Aliyense amene anaponyapo nyambo ya magalamu 85 akudziwa kuti imauluka mamita 40 popanda kuikakamiza, kutanthauza kuti ndikangoponya kamodzi ndinkatsala pang'ono kuona chitsulo cha pansi pa spool. Nsomba yaikulu ikagwira nyambo kutali chonchi n'kuthamangira m'mitengo yomira, munthu ulibe chingwe choipatsa. Komanso spool ikatsala ndi chingwe chochepa imakhala yowonda, ndiye chingwe chimene chimabwera pa kupukusa kamodzi chimachepa, kenako chimachuluka pamene spool ikudzaza. Nyambo imayamba mwaulesi kutali n'kumafika pafupi ndi bwato ikuthamanga, pamene glide bait imafuna kuyenda mofatsa ndi mofanana, ikupatukira uku ndi uku ngati nsomba yodwala. Magiya a 8.1:1 amazunguliza spool kasanu ndi katatu pa kupukusa kamodzi, ndipo ndi abwino pa nyambo zimene umafuna kubweza chingwe mwachangu. Pa swimbait yaikulu anthu amasankha magiya apakati pa 5:1 ndi 6:1 kapena kupitirira pang'ono, chifukwa amakoka ndi mphamvu ndipo sakukakamiza kuti uzidziletsa dzanja nthawi zonse.

Ndivomereze apa kuti ndikanatha kubweza reel ija Lolemba lotsatira isanalowe m'madzi. Sindinatero chifukwa ndinakhulupirira munthu amene ntchito yake ndi kudziwa zinthu zimenezi. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, kumene tinkawedza mcheni ndi kampango ndi chingwe cha m'manja, ndipo baitcaster ndayamba kuigwira kuno ku South Africa ndili wamkulu kale. Nchifukwa chake ndinabwera kudzafunsa m'malo mongoitanitsa pa intaneti, kumene mwina ndikanapeza yotsika mtengo.

Ulendo woyamba ndinavutika ndi chingwe kusokonekera pa spool, ngakhale ndinamanga kabatani ka spool mpaka nyambo ikugwa pang'onopang'ono, ndi kukweza mabuleki a maginito mpaka pa nambala yomaliza. Mabuleki a reel yaing'ono chonchi anawapangira nyambo za magalamu 7 mpaka 20 kapena kupitirira pang'ono, ndipo sakwanitsa kugwira spool imene yakokedwa mwadzidzidzi ndi chinthu cholemera kanayi kuposa pamenepo. Ulendo wachiwiri, Loweruka lotsatira, ndi umene unathetsa zonse. Inali nthawi ya m'ma 7 koloko m'mawa, madzi ali bata, ndipo tinali titaona bass ziwiri zikuluzikulu zikutsatira nyambo m'mphepete mwa udzu, monga zimachitira nyengo imeneyo zikamayandikira kugombe kudzaswana. Ndinadina kabatani komasula spool, ndinaponya, ndipo nyambo ili m'malere ndinamva kuti khwa! Spool inadzitsekera yokha pakati pa kuponya. Chingwe chinaduka pomwepo, nyambo inapitirira yokha n'kukagwa kutali pamadzi akuya, ndipo inamira ndikuiona. Nyambo imeneyo ndinaigula R950. Kuyambira pamenepo chogwirira chikamazungulira chimalira ngati muli mchenga, ndipo kabatani komasula spool kaja nthawi zina sikabwerera m'malo mwake. Mnzanga amene ndinali naye m'bwato, yemwe wakhala akukonza ma reel kwa zaka zambiri, sanaitsegule poopa kuti mungadzanene kuti taisokoneza, koma atangoipukusa kawiri anati mano a kagiya kakang'ono kamene kamalumikiza spool adyeka.

Lolemba ndinabwera nayo kwa inu, pasanathe masiku khumi ogwira ntchito chiigulireni. Munaisunga milungu itatu, kenako munandiimbira kuti kampani yopanga yakana chitsimikizo (warranty) chifukwa reel inaponyedwa ndi nyambo yolemera kuposa muyezo wake. Zimenezo sindikutsutsa ngakhale pang'ono, ndipo opanga reel sindikuwaimba mlandu, chifukwa pa ntchito imene anaipangira mwina ndi yabwino kwambiri. Koma mawu amenewo ndi umboni wanga, chifukwa akutsimikiza kuti chinthu chimene munandigulitsa sichinali choyenera ntchito imene ndinakuuzani nyambo ili pa kauntala panu. Amene anasankha reel imeneyo si ine ayi. Nditapempha kuti muone makamera a musitolo a tsiku limenelo, munandiuza kuti zithunzi zinafufutika, ndipo nditapempha kulankhula ndi wogulitsa uja munati ali pa tchuthi, ngakhale ndinkamuona pa galasi akukonza mashelefu kumbuyo.

Lamulo loteteza ogula la dziko lino, Consumer Protection Act la 2008, likunena pa gawo 55 kuti wogula akauza wogulitsa ntchito yeniyeni imene akufunira katundu, ndipo wogulitsayo amagulitsa katundu wotere nthawi zonse kapena akudzionetsa kuti amamudziwa bwino, wogula ali ndi ufulu woyembekezera kuti katunduyo agwiradi ntchito imeneyo. Gawo 56 limapereka miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu wosakwaniritsa zimenezi, ndipo amene amasankha pakati pa kukonza, kusinthitsa kapena kubwezeredwa ndalama ndi wogula. Chikwangwani chimene chili pa kauntala panu chonena kuti reel imene yakulungidwa chingwe sibwezedwa sichingafafanize lamulo limeneli.

Kukonza sindikufuna, chifukwa ngakhale muike magiya atsopano, spool ikhalabe yosaya ndipo mabuleki akhalabe omwewo. Chimene ndikupempha nchakuti mundibwezere R3,400 yanga, kapena mundisinthire ndi reel ya saizi 300, ya thupi la aluminiyamu ndi magiya amkuwa apafupi ndi 6:1, yokhala ndi spool yotenga mamita osachepera 120 a chingwe cha mapaundi 20. Ndikudziwa kuti yotere imalemera pafupifupi magalamu 300 ndipo ndi yokwera mtengo, ndipo ndalama yotsalayo ndiwonjezera ndekha. Wogulitsa wanu akanandiuza tsiku lomwelo kuti pa swimbait yaikulu kupepuka kuli ndi malire ake, ndiponso kuti dzanja limapuma kwambiri reel ikagwirizana bwino ndi ndodo yaitali yokhala ndi chigwiriro chachitali, ndikanamva ndipo ndikanagula yolemerayo mosanyinyirika. Za nyambo imene inamira sindikukulipiritsani, ngakhale mtima ukuwawa nayo.

Ndidikira yankho lanu lolembedwa mpaka Lachisanu sabata yamawa. Likapanda kubwera, ndikatula nkhaniyi kwa Consumer Goods and Services Ombud, ofesi yomva madandaulo a ogula, pamodzi ndi lisiti, ma imelo onse atatu, bokosi la reel, ndi uthenga wanu wa pa WhatsApp umene ukunena kuti nyambo inali yolemera kuposa muyezo. Reel ikadali kwa inu, ndipo kapepala kosonyeza kuti munailandira kali ndi ine.