Kalata kwa Mpingo: Za Wosewera Mpira Wochokera Kundende

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo kwa inu ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu.

Phokoso la kubwalo la mpira lalowa mumpingo. Nonse mukudziwa kuti timu imene ambiri timaichemerera yasainitsa wosewera kutsogolo amene khothi lidampeza wolakwa pa mlandu womenya ndi kuvulaza mayi amene ankakhala naye pabanja. Adagwira ukaidi, adatuluka, ndipo lero wavala jezi. Lamlungu lapitali abambo ena adatsala pang'ono kuponyerana zibakera pakhomo la tchalitchi mapemphero atangotha, ndipo zina zimene mwalemberana pa WhatsApp sizingawerengedwe paguwa. Pamwamba pa izi, akomiti ya timuyi apempha bwalo lathu kuti aziphunzitsirapo ana mpira Loweruka lililonse, wosewerayu ali nawo limodzi.

Pamene ndaima ndi apa. Munthu amene wamaliza chilango chake ayenera kupeza ntchito, ndipo ngati ntchito imene amaidziwa ndi mpira, asewere. Woweruza adamupatsa zaka za m'ndende, sadamulamule kuti akatuluka afe ndi njala. "Ndinali m'nyumba yandende, ndipo munadza kwa Ine" (Mateyu 25:36). Inu amene mukuti asapondenso pabwalo moyo wake wonse, ganiziraninso.

Koma amene mwandilembetsa kalatayi ndinu amene mukufuula kuti akhululukidwe. Ndikufunseni, ndipo aliyense ayankhe mumtima mwake: mnyamatayu akadakhala wosagoletsa, wongotenthetsa benchi, mukadatsegula Baibulo kumuikira kumbuyo? Mumpingo muno muli abale amene adatuluka kundende zaka zapitazo. Akakhala pafupi nanu mumasendeza chikwama. Akapempha ntchito mumati mudzawayankha, osawayankha. Sasankhidwa ngakhale kusesa m'tchalitchi, poopa kuti angagwire makiyi. Palibe amene adawawerengerapo za mwana wolowerera. Lero kwabwera wina wodziwa kugwedeza ukonde, timu ili pafupi kutuluka mu ligi, ndipo mwadzidzidzi tonse taloweza Yohane 8. Abale anga, uku si kukhululuka. Uku ndi kufuna mapointi atatu. "Miyeso yosiyana, ndi malichero osiyana, zonse ziwirizi zinyansa Yehova" (Miyambo 20:10). Chifundo chimene chimayamba chaona kaye mwendo wa munthu chisanatuluke si cha Khristu, ndipo sindilola kuti chitchulidwe ndi dzina lake mumpingo uno.

Choipitsitsa ndi chimene mwamuchita mayi uja. Ena mwalemba kuti adaziyamba dala, ena kuti amafuna ndalama, wina mpaka adatumiza chithunzi chake. Khothi lidamva mboni, lidaona chikalata cha kuchipatala, lidagamula. Inu mwamuzenganso mlandu pafoni, iye kulibe. Kukhululukira chibakera chimene chidagwa pankhope ya wina si udindo wa sapota. Fufutani zimenezo lero lomwe. Ndipo dziwani kuti si tchimo chabe: ku Britain mu 2012, anthu asanu ndi anayi adalipitsidwa ndi khothi chifukwa choulula pa intaneti dzina la mayi amene adadandaula pa mlandu wa wosewera mpira Ched Evans.

Ena a inu muli mukomiti ya timuyi, choncho ndilankhule nanu mwachindunji. Kusainitsa munthu wotere kuli ndi ndondomeko yake. Musadalire zimene wanena ejenti kapena wosewerayo. Pezani chigamulo chenichenicho muchiwerenge, mudziwe mlandu wake, chilango chake, ndi ngati adavomera kapena adakana. Mudziwenso watuluka motani, pakuti njira zake n'zosiyana. Pali womaliza chilango chonse, pali wotulutsidwa msanga koma ali ndi malamulo oti atsatire, monga kusayandikira wodandaula, pali amene apilo yake idakali m'khothi, ndiye pali amene chigamulo chake chidafafanizidwa. Evans uja adaikidwa m'ndende mu 2012 pa mlandu wogwiririra, adatuluka mu 2014, ndipo mu January 2015 timu ya Oldham Athletic idabwerera m'mbuyo itatsala pang'ono kumusainitsa, masiponsa ataopseza kuchoka. Mu 2016 khothi la apilo lidafafaniza chigamulo chija, ndipo atazengedwanso adapezeka wosalakwa. Amene sasiyanitsa zinthu izi amalakwira wina, kaya wodandaula kaya woimbidwa mlandu.

Cholembera chisanakhudze pepala, pitani kwa anthu amene nkhaniyi iwakhudza. Woyamba ndi wovulazidwa uja, kudzera mwa munthu amene iye amamukhulupirira, kuti asamve pawailesi kuti amene adamuvulaza akuimbiridwa nyimbo pabwalo. Kenako masiponsa, timu ya atsikana, amayi ogwira ntchito pakalabu, ndi makolo a ana a timu yaing'ono. Apa ndi pamene matimu ambiri amagwera. Raith Rovers ya ku Scotland idasainitsa David Goodwillie pa 31 January 2022, ngakhale mu 2017 khothi lomva milandu ya chipepeso lidagamula kuti adagwiririra mayi wina. Atsogoleri adati aona luso lake la mpira. Siponsa amene dzina lake linali pajezi adachoka, kaputeni wa timu ya amayi adatula pansi udindo, ena a m'bodi ndi ogwira ntchito adasiya. Patangotha masiku atatu timu idapepesa ndi kulengeza kuti sasewera, koma kontrakiti inali itasainidwa kale. Walira mvula walira matope, koma matope ena amabwera chifukwa chosafunsa.

Kontrakiti ikhale ya sizoni imodzi, yokhala ndi ndime yonena poyera kuti akabwereza nkhanza, kapena akaphwanya lamulo la khothi, mgwirizano watha. Mulembemo kuti azikaonana ndi mlangizi wa za mkwiyo ndi nkhanza za m'banja, ndipo pakhale munthu mmodzi pakalabu woonetsetsa kuti akupitadi. Musamupatse ukaputeni. Musaike nkhope yake pazikwangwani zoitanira anthu kubwalo. Kulola munthu kugwira ntchito n'kosiyana ndi kumuika patsogolo kuti ana azimutengera. Ndipo musaganize kuti ndende yokha imasintha mtima. Tony Adams, amene anali kaputeni wa Arsenal, adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi inayi mu December 1990 chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera. Atatuluka adabwerera m'timu, adapitiriza kupambana zikho, nawonso mowa adaupitiriza. Mu 1996 ndi pamene adavomera poyera kuti ndi chidakwa, ndipo mu 2000 adakhazikitsa Sporting Chance yothandiza osewera ogwidwa ndi zizolowezi zotere. Zaka zonse asanavomerezo masapota ankamuombera m'manja, iye akumira. "Onetsani inu zipatso zakuyenera kutembenuka mtima" (Mateyu 3:8). Zakeyu adalonjeza kubweza kanayi. Funsani ngati wosewera wanuyu adapepesa, ngati adalipira chipepeso chimene khothi lidalamula ngati chinalipo, ngati amasamala ana ake, ngati amati "ndidalakwa" kapena amati "zidangochitika".

Tsopano za bwalo. Akulu ampingo tidakhala pansi ndipo tagwirizana kuti timuyi ilandire bwalo, koma pa malamulo awa. Pophunzitsa ana pazikhala akuluakulu osachepera awiri nthawi zonse, ndipo pamene pali atsikana mmodzi akhale mayi. Wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda chosinthira zovala, asamutenge yekha pagalimoto, asasunge nambala ya foni ya mwana. Uthenga uzidzera kwa kholo. Mwana aliyense abwere ndi kalata yosainidwa ndi kholo, ndipo kaundula aziitanidwa poyamba ndi pomaliza. Aliyense amene adapezekapo wolakwa pa mlandu wochitira mwana zoipa sadzagwira ntchito ndi ana pano, kaya walapa motani. Malo ake ali m'mapemphero, osati pabwalo la ana. "Kumuyenera iye kuti mphero yaikulu ikolowekedwe m'khosi mwake" (Mateyu 18:6). Wosewerayu saphunzitsa ana sizoni ino. Akafuna kudzapemphera nafe, khomo ndi lotsegula, ndipo akulu awiri ali okonzeka kucheza naye. Sizoni ikatha tidzaunikanso. Malamulowa ndi a aliyense: makochi, aphunzitsi a Sande sukulu, madikoni, ndi ine ndemwe.

Lamlungu likubwerali padzakhala chopereka chapadera cha abale athu amene ali m'ndende. Bweretsani sopo, mabulangete, mankhwala otsukira mano ndi Mabaibulo. Opereka ndalama apereke kwa msungichuma ndipo alandire risiti. Amene mufuna kupita nawo kukacheza kundende lembetsani kwa mlembi wa mpingo pofika Lachitatu, pamodzi ndi nambala ya chiphaso chanu, chifukwa akuluakulu a ndende amafuna mayina tisanafike. Ndipo inu amene muli ndi mashopu, magalaja, ntchito za zomangamanga, ndikufuna mayina anu tsiku lomwelo: tili ndi abale otuluka kundende amene akufuna ntchito, ndipo ndidzabwera nawo ndekha kudzawaonetsa kwa inu. "Kumbukirani am'nsinga, monga am'nsinga anzao" (Ahebri 13:3).

Makolo a ana osewera mpira mutsalire mapemphero akatha, tikumane kwa mphindi 30 kuti musaine makalata aja.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wa mpingo