Dandaulo: intaneti yanu imatifera madzulo aliwonse koma mukungoti zonse zili bwino

Kwa a Manijala oona za makasitomala,

Ndikulemba ndili wokhumudwa ndithu. Ofesi yathu kuno ku Zomba timalipira phukusi lanu la intaneti la bizinesi la liwiro la 10 Mbps mwezi ndi mwezi osaphonya, ndipo tikusainirana paja mnyamata wanu wa zamalonda anatitsimikizira kuti layini imeneyi ndi yathuyathu, sitigawana ndi wina aliyense. Koma ikangokwana 5 koloko madzulo mpaka cha m'ma 9 usiku basi mavuto, pa Zoom chithunzi chimangouma, mawu odukaduka, kasitomala wathu wa ku Johannesburg amangoti halo halo mpaka kudula foni, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe iyeyo amapezeka akaweruka.

Ndikaimba ku ofesi kwanu yankho ndi limodzi lomwelo, ati netiweki ili bwinobwino, tawala ya kwanuko sinadzadze, pangani speed test muone. Eya speed test imaonetsadi 8 kapena 9 Mbps, sindikukana. Koma abwana, kuimba foni pa intaneti sikufuna ma Mbps ambiri, ngakhale 100 kbps, gawo limodzi chabe mwa magawo khumi a 1 Mbps, imakwana, chomwe chimafunika ndi choti mapaketi a mawu, tizidutswa ta data tonyamula mawuwo, afike msanga komanso motsatana. A ITU, bungwe la dziko lonse loona za matelefoni ndi mauthenga, mu chikalata chawo cha G.114 anaika kuti mawu asamachedwe kupitirira 150 ms (1000 ms ndi sekondi imodzi) ulendo umodzi ngati tikufuna kuti anthu amvane bwino. Ine ndikapanga ping, kuyeza nthawi yomwe paketi imatenga kupita ndi kubwerera, m'mawa ndimapeza cha m'ma 30 ms, madzulo imalumpha mpaka kudutsa 400 kenako kutsika kenako kukweranso, mapaketi ena osafika n'komwe.

Girafu yomwe anyamata anu ananditumizira ija ndi ya anthu onse a pa tawala kuphatikiza pamodzi, ndiyenso ndi avereji. Avereji imabisa timasekondi tomwe mzere umadzadza, ndipo mawu athu amafera mu timasekondi timeneto. Mwatiika tonse pa mzere umodzi ngati pa mjigo, wobwera ndi kakapu koti amwere mankhwala adikire kaye wa madiramu asanu amalize kutunga. Wokopera mafilimu, wa TikTok, wa Windows update, ife a msonkhano, tonse chimodzimodzi.

Sindikupempha kuti muzisungira kuimba kulikonse kanjira kakekake ngati momwe njira zotchedwa IntServ ndi RSVP zimachitira, ndikudziwa kuti pa makasitomala ambirimbiri zimenezo zimalemetsa ma router. Koma njira ina yotchedwa DiffServ ilipo kuyambira 1998, si zachilendo, mumangogawa traffic m'magulu, mawu ndi vidiyo zizidutsa kaye zokopera zizidikira pang'ono. Router yathu imaika kale chizindikiro cha DSCP 46 pa mapaketi a mawu chosonyeza kuti azidutsa kaye, tinayesa kuwagwira mbali inayo atadutsa mu netiweki yanu tinapeza chizindikirocho chafufutidwa chili pa 0. Ndiye dzina loti bizinesi pa phukusili likutanthauza chani, mtengo wokha?

Ndikufuna mundiuze polemba, osati pa foni, kuti layini imeneyi tikugawana anthu angati. Ngati ndi yogawana nenani poyera ndipo mutibwezere kusiyana kwa mtengo pa miyezi yonse yomwe takhala tikulipira ngati ndi yathu tokha. Ngati ndi yathudi, tumizani injiniya abwere nthawi ya madzulo yomweyo, osati 10 koloko m'mawa pomwe zonse zimayenda, adzayeze kuchedwa, jitter (kusinthasintha kwa kuchedwako) ndi mapaketi otayika pa layini yathu yokha, ndipo mutiike m'gulu lomwe limalemekeza chizindikiro cha mawu.

Zotsatira za ping ndazisunga zonse ndi masiku ake komanso manambala a madandaulo omwe munandipatsa. Mwezi uno ukatha osayankhidwa ndikatula nkhaniyi ku MACRA ndipo sitidzalipiranso phukusili.

Ine kasitomala wanu,
ku Zomba