Mliri usamatseke ng'oma m'sukulu za ana

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi a Unduna wa Zamaphunziro, aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu kudzera m'nyuzipepala yanu. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, n'kuyamba kutsegulidwa mu Seputembala, maso onse anali pa mayeso, ndowa zosambira m'manja ndi mamasiki. Kuimba kunaoneka ngati chinthu chosavuta kusiya. Koma mwana wa Sitandade 1 amaphunzira kuwerenga manambala, kumvetsera ndi kudikira nthawi yake kudzera m'nyimbo. Tikupempha kuti malamulo a mliri wotsatira adzanene mmene oimba ochokera kunja kwa sukulu angafikire ana, asadzangoletsa.

Mantha ake ngomveka. Pa 10 Malichi 2020, ku Skagit County m'dziko la America, anthu 61 a kwaya ina anaimba m'chipinda chimodzi kwa maola awiri ndi theka. Oposa 50 anadwala, awiri anamwalira. Chinawapweteka ndi mpweya wosatuluka, kuyandikana ndi kutalika kwa nthawi. Munthu akamakweza mawu, timadontho ta m'kamwa tosaoneka ndi maso timachuluka, ndipo m'chipinda chotseka timangoyandama. Zonsezi sukulu ingathe kuzikonza popanda ndalama zambiri.

Kuimbako kuchitikire panja, pansi pa mtengo. Musanakhazike ana, ponyani m'mwamba timaudzu touma muone kumene mphepo ikulowera. Oimba aime kumeneko, kuti mpweya wawo uzichoka kwa ana m'malo mopita kwa iwo. Pakati pa woimba ndi mzere woyamba pakhale mamita atatu, ndipo oimba okhaokha atalikirane mamita awiri. Kuuza mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kuti "talikiranani" n'kutaya mawu. Ng'oma ikangolira, onse amathamangira kwa woimba, ndipo apa ndi pamene dongosolo limagwera. Jambulani pansi timabwalo ndi phulusa kapena laimu, totalikirana mita imodzi, mwana aliyense kake, ndipo sankhani nyimbo zoti azivina ali m'kabwalo kakeko: kuwomba m'manja, kuponda pansi, kuzungulira. Magule ogwirana manja adikire kaye.

Kalasi ya ana 100 igawidwe patatu, gulu lililonse mphindi 20 kapena 30. Musasakanize makalasi ngati pa asembule, chifukwa mmodzi akapezeka ndi matenda mudzasowa poyambira kulondola. Lembani m'kaundula tsiku, gulu ndi mayina a oimba. Woimba amene ali ndi chifuwa, chimfine kapena kutentha thupi asabwere, ndipo sukulu imupatse tsiku lina mosamudula malipiro. Mukamudula, adzabisa matenda.

Pa zida pamafunika kusamala kwambiri. Ng'oma, malimba, bangwe, kaligo ndi gitala sizitulutsa mpweya wa munthu, choncho ziyambe ndizo. Lipenga ndi chitoliro zimasonkhanitsa chinyezi cha m'kamwa. Woliza aime kutali kuposa anzake, atayire madziwo m'kachitini kake, ndipo asabwereke mwana kuti "ayeseko". Chikopa cha ng'oma musachipukute ndi kulorini kapena sanitaiza, chimauma n'kung'ambika. Tsukani manja a woliza, ndi sopo kwa masekondi 20, asanayambe ndiponso akamaliza. Maseche opatsirana m'manja n'ngovuta kuwayeretsa. Kuli bwino mwana aliyense adzipangire chake ndi kabotolo ka pulasitiki ndi timiyala, atseke kwambiri, alembepo dzina.

Kasipika ka batire n'kothandiza kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa woimba safunikanso kukuwa. Aliyense akhale ndi maiki yake. Ngati ilipo imodzi, ipukuteni ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti wa 70 peresenti, osapopera pa maikipo, kenako iume kaye. Masiki ikanyowa ndi kuimba isinthidwe, motero woimba atenge ziwiri kapena zitatu. Ana a zaka zisanu kutsika pansi, a ku sukulu za mkaka, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO silinalangize kuti azivala masiki. Awo chitetezo chawo ndi mpweya wa panja ndi mtunda.

Nthawi ya mvula ana akhale m'kalasi, mawindo ndi chitseko zili pululu, oimba ali pakhonde. Gulu likatuluka, chipinda chikhale chopanda munthu mphindi 15 lina lisanalowe. Ngati kalasiyo ili ndi mabuloko a timabowo m'malo mwa mawindo otseguka, ingosinthani tsiku.

Ife aphunzitsi a zoimbaimba,
Zomba