Ochemerera mpira azifunsidwa asanasunthidwe m'malo awo

Bambo Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ikuwawitsa mitima ya ochemerera mpira m'maiko ambiri, makamaka ku England kumene masewero ake amaoneredwa pa wailesi yakanema ndi anthu a dziko lonse lapansi sabata ndi sabata. Nkhaniyi ndi ya kusintha kwa malo okhala m'mabwalo a zamasewero, kukwera kwa mitengo ya matikiti, komanso kuzirala kwa nyimbo ndi phokoso zimene kale zinkachititsa nthumanzi timu yobwera ngakhale mpira usanayambe. Akuluakulu a matimu amakonda kuzikamba zinthu zitatuzi padera padera, ngati kuti mipando ndi ya akatswiri a zomangamanga, mitengo ndi ya owerengera ndalama, ndipo kuimba ndi kwa masapota okha. Ine ndikuona kuti ndi nkhani imodzi, chifukwa munthu amene wasankha mmene anthu akhalire m'bwalo ndi ndalama zimene alipire pachipata, wasankhiratu amene alowe ndi amene atsale kunja, ndipo mawu a bwalo amachokera kwa anthu amene alowawo.

Chiyambi cha kusinthaku n'chomvetsa chisoni ndipo palibe amene ayenera kuchipeputsa. Pa 15 Epulo 1989, pa bwalo la Hillsborough mumzinda wa Sheffield, pamene Liverpool inkasewera ndi Nottingham Forest m'ndime yachiwiri kwa yotsiriza ya chikho cha FA, anthu anakanikizana m'malo oimirira kumbuyo kwa golo mpaka ena kulephera kupuma. Onse amene anafa chifukwa cha ngoziyi ndi 97, ndipo ena mwa iwo anali ana. Potsatira lipoti la woweruza milandu Lord Justice Taylor limene linatuluka mu Januwale 1990, boma linalamula kuti matimu a m'magawo awiri apamwamba a ligi akhale atachotsa malo onse oimirira n'kuikamo mipando pofika Ogasiti 1994. Malo otchuka a Kop pa Anfield, bwalo la timu ya Liverpool, amene kale ankaimirirapo anthu oposa 25,000, anagwetsedwa chaka chomwecho, ndipo pamalopo panamangidwa mipando ya anthu pafupifupi 12,000.

Komabe chimene chinapha anthu ku Hillsborough sikunali kuimirira pakokha. Apolisi analamula kuti chipata chachikulu chitsegulidwe pofuna kuchepetsa kuthinana kunja, koma sanatseke kanjira kolowera m'zigawo ziwiri zapakati za malo oimirira zimene zinali zitadzaza kale, ndipo kutsogolo kwa zigawozo kunali mpanda wautali wa zitsulo umene unatsekereza anthu kuti asathawire m'bwalo losewerera. Mu Epulo 2016, patatha zaka 27 mabanja a omwalirawo akumenyera chilungamo, bwalo lofufuza za imfazi linagamula kuti anthuwo anaphedwa mosatsata malamulo ndiponso kuti ochemerera analibe mlandu. Taylor mwiniwake analemba kuti malo oimirira sali oopsa mwa iwo okha, ndipo anaonjezera kuti n'zotheka kukonza mitengo kuti mipando yotsika mtengo igwirizane ndi matumba a anthu amene ankalipira malo oimirira. Gawo la lipotilo lonena za mipando linatsatidwa mwamsanga, koma lonena za mitengo linaiwalika.

Ngozi zimene zachitika m'maiko ena zikuchitira umboni mfundo yomweyi. Pa bwalo la Ellis Park ku Johannesburg, anthu 43 anafa pa 11 Epulo 2001 pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, chifukwa anthu amene anafika anali ochuluka kuposa malo amene analipo. Patangotha mwezi umodzi, anthu oposa 120 anafa ku Accra apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi m'khamu limene linalibe pothawira pokwanira. Mu Januwale 2022, anthu 8 anafera pachipata cha bwalo la Olembe ku Yaoundé, bwalo latsopano lokhala ndi mipando yokhayokha. Zimene zimapulumutsa miyoyo ndi kuwerenga bwino anthu olowa, kutsegula zipata nthawi yabwino, kukhala ndi njira zotulukira zosatsekedwa, ndiponso kukhala ndi apolisi ndi olondera amene amaona ochemerera ngati anthu oyenera kutetezedwa, osati ngati gulu la zigawenga. Mpando pawokha sutsegula geti limene lakhomedwa ndi loko.

Sindikunena kuti mipando inabwera ndi zoipa zokhazokha. Amayi, ana, okalamba ndi anthu olumala ambiri anayamba kupita ku mpira mopanda mantha mabwalo atakonzedwa, ndipo wonena kuti zakale zonse zinali zabwino waiwala moto umene unapha anthu 56 ku Bradford mu 1985 pa malo okhala omangidwa ndi matabwa. Chimene ndikudandaula nacho n'chakuti kusintha kumene kunayamba pofuna kuteteza anthu kunasanduka njira yowasankhira anthuwo potengera chuma chawo. Malo atachepa, mtengo wa malo alionse unakwera. Ligi ya Premier itayamba mu 1992 ndi ndalama zambiri za makampani a wailesi yakanema, eni matimu anazindikira kuti munthu wobwera kamodzi pachaka amagula malaya a timu, chakudya ndi zina zambiri, pamene munthu wa tikiti ya chaka chonse amangofika, kuimba, n'kubwerera kwawo. Kuyambira pamenepo wokhulupirika uja wakhala akuonedwa ngati wotchinga njira ya ndalama.

Anthu amene sanakhalepo m'gulu la oimba amaganiza kuti phokoso la m'bwalo limangobwera lokha anthu akachuluka. Sizili choncho. Nyimbo imayamba ndi munthu mmodzi kapena awiri amene anzawo amawadziwa mawu. Oyandikana nawo khumi amailandira, kenako mzere wakumbuyo, ndipo pasanathe kamphindi mbali yonse ya bwalo yagwirizana. Kuti zimenezi zitheke, anthu odziwana ayenera kukhala pamodzi, pafupi ndi osewera, pansi pa denga lotsika limene limabweza mawu ngati m'mimba mwa ng'oma. M'malo oimirira akale, oimba ankadzisonkhanitsa okha kumbuyo kwa golo, ndipo wofuna bata ankapita pambali. Koma tikiti yokhala ndi nambala ya mpando imamwaza gululo: mnyamata wa mawu amphamvu amapezeka pakati pa anthu amene akumupempha kuti akhale pansi chifukwa akuwatchinga, ndipo mnzake amene akanamuyankha nyimboyo ali kutsidya lina la bwalo. Ndipo munthu wokhala pansi, mawondo atagunda mpando wakutsogolo, saimba ndi mphamvu ngati woimirira. Pamwamba pa izi, achinyamata, amene ndiwo amakhala ndi mphamvu yoimba mphindi 90 zonse, ndiwo amayamba kulephera mtengo ukakwera, kotero kuti nyimbo zimakalamba pamodzi ndi amene amazidziwa popanda woziphunzira. Kale mu Novembala 2000, Roy Keane, amene anali kaputeni wa Manchester United, anadandaula poyera kuti ena mwa okhala m'malo a alendo olemekezeka ku Old Trafford ankaika mtima pa zakudya ndi zakumwa kusiyana ndi zochitika m'bwalo.

Kusuntha anthu m'malo awo kumapweteka kuposa mmene olemba mapulani amaganizira. Taganizirani bambo amene wakhala pa mpando umodzimodzi kuyambira ali mnyamata, amene anaona ana a woyandikana naye akukula, amene amadziwa kuti mayi wokhala mzere wakutsogolo akapanda kubwera ndiye kuti wadwala. Tsiku lina amalandira kalata yomuuza kuti malo akewo asanduka a alendo olipira ndalama zambiri, ndipo iye wapatsidwa mpando wina pamwamba pakona, kutali ndi onse amene ankawadziwa. Pa pepala sanalandidwe kanthu, popeza mpando wasinthidwa ndi mpando. Koma chimene ankalipirira zaka zonsezo sichinali pulasitiki yokhalapo ayi. West Ham itasamuka ku Upton Park mu 2016 kupita ku London Stadium, bwalo limene linamangidwira masewero a Olympic ndipo lili ndi mpata waukulu pakati pa owonerera ndi osewera, anthu amene ankaimirira n'kumaimba limodzi anasakanizidwa ndi ofuna kukhala pansi, ndipo mikangano inabuka pakati pa anthu ochemerera timu imodzi.

Ena amati mitengo imatsatira msika, ndipo ngati bwalo likudzazabe ndiye kuti mtengowo ndi woyenera. Mfundo imeneyi imagwira ntchito pa katundu amene munthu angathe kukagula kwina akaona kuti wadula. Wochemerera Everton sangayambe kuchemerera Liverpool chifukwa choti kumeneko kwatchipa, ndipo eni matimu amadziwa bwino kuti munthuyo alibe kwina kopita. Choncho kukweza mtengo pa munthu wotere ndi kudyera masuku pamutu chikondi chake. Ndiponso matimu akuluakulu sadalira ndalama za pachipata kuti akhalepo: ufulu woonetsa ligi ya Premier m'dziko la United Kingdom mokha kuyambira 2025 mpaka 2029 unagulitsidwa pa mapaundi 6.7 biliyoni. Nanga pamene kumapeto kwa 2024 Manchester United inaika mtengo wa £66 pa matikiti otsala a mamembala, n'kuchotsa mtengo wotsika wa ana ndi okalamba, ndalama zoonjezerazo zikanasintha chiyani pa timu imene imagula wosewera mmodzi pa mapaundi mamiliyoni ambirimbiri? Kwa timu ndi zochepa, koma kwa kholo lofuna kupita ndi ana awiri ndi zimene zimathetsa ulendowo.

Chodabwitsa n'chakuti chimene makampani a wailesi yakanema amagula ndi ndalama zonsezo si mpira wokha. Tinaona tonse mu 2020 mliri wa Covid-19 utatseketsa zipata: masewero ankachitika m'mabwalo opanda anthu, oulutsa mawu anachita kuikamo phokoso lojambulidwa kale kuti owonerera kunyumba asagwe ulesi, ndipo ku Germany timu ya Borussia Mönchengladbach inadzaza mipando ndi zithunzi za makatoni za masapota ake. Liverpool, imene inali itasewera masewero a ligi 68 pakwawo osagonja, inagonja kasanu ndi kamodzi motsatizana pa Anfield yopanda anthu kumayambiriro kwa 2021. Panali zifukwa zina, monga kuvulala kwa osewera akumbuyo, koma palibe amene angatsutse kuti kusowa kwa khamu kunathandizira. Ochemerera ndi mbali ya chinthu chimene chikugulitsidwacho, ndipo n'zosamveka kuti iwo amene amachikometsa ndiwo azilipiritsidwa koposa.

Pamene ochemerera agwirizana, zinthu zimasintha. Pa 6 Febuluwale 2016, masapota a Liverpool pafupifupi 10,000 anatuluka m'bwalo pa mphindi ya 77 pokana tikiti ya £77. Timu yawo inali ikutsogola 2-0 pa Sunderland ndipo masewerowo anatha 2-2. Pasanathe sabata eni timu anapepesa n'kuchotsa mtengowo. Mwezi wotsatira matimu a ligi ya Premier anagwirizana kuti tikiti ya ochemerera timu yoyenda isapitirire £30.

Dziko la Germany likusonyeza kuti chitetezo, mtengo wotsika ndi phokoso zingathe kuyendera limodzi. Kumeneko malo oimirira sanachotsedwe, ndipo mbali yakummwera ya bwalo la Borussia Dortmund imaimirirapo anthu pafupifupi 25,000 pa masewero a ligi, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi mipando ya ku England. Zimenezi sizinachitike mwangozi, chifukwa lamulo la 50+1 limasiya mavoti ochuluka m'manja mwa mamembala a matimu ambiri, ndipo mtsogoleri wofuna kukweza mitengo amadziwa kuti adzakumana ndi anthuwo pa msonkhano. Ku Scotland, Celtic inatsegula malo oimirira a makono mu 2016, ndipo ku England boma linalola Chelsea, Manchester City, Manchester United, Tottenham ndi Cardiff City ya ku Wales kuyesa njirayi kuyambira Januwale 2022. Kamangidwe kake n'kosavuta kumvetsa: mzere uliwonse uli ndi chitsulo chofika m'chiuno chimene munthu amatsamira, mpando umapindika n'kusiya malo oimapo, ndipo chitsulocho chimaletsa anthu a kumbuyo kugwera anzawo a kutsogolo chigoli chikalowa. Vuto n'lakuti ku England lamulo limalola munthu mmodzi yekha pa malo a mpando umodzi, kotero chiwerengero cha olowa sichinakwere, ndipo matimu sanaone chifukwa chotsitsira mtengo. Anthu abwezeredwa ufulu woimirira, koma amene anathamangitsidwa ndi mitengo akadali kunja.

Pempho langa kwa onse oyendetsa mpira, kulikonse kumene bwalo likumangidwa kapena kukonzedwa, ndi lakuti ochemerera azifunsidwa mapulani asanasainidwe, osati kuitanidwa kudzamva zimene zagamulidwa kale. Mbali ya kumbuyo kwa golo isungidwire oimba, ikhale ya mtengo wotsikitsitsa m'bwalo lonse, ndipo abwenzi ndi achibale aziloledwa kugula malo oyandikana. Mtengo wotsika wa ana, achinyamata ndi okalamba ulembedwe m'malamulo a ligi kuti mwini timu watsopano asamauchotse mmene wafunira. Ndipo ngati pali chifukwa chenicheni chosunthira anthu amene akhala malo amodzi kwa zaka zambiri, asunthidwe pamodzi monga gulu, auzidwe chaka chathunthu nthawiyo isanakwane, ndipo mtengo wa tikiti yawo usakwere chifukwa cha kusamuka kumene iwo sanakupemphe.

Ine wanu,
Wokonda mpira